Masefa a Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali, kufakitale amawatchula kuti a Sefa. Iwo amayesa ndi ulemu. Asiyeni.

Ntchito yawo ndi kuyeza ufa wa mankhwala ophera tizilombo umene fakitaleyo imapanga. Amasanjikiza masefa achitsulo, a mabowo aakulu pamwamba, a mabowo aang'ono pansi, n'kuthira ufa, n'kuyatsa makina ogwedeza. Kenako amaika pasikelo ufa wotsalira m'sefa iliyonse. Ukakhala wokhakhala umathera m'mphuno, munthu n'kumina. Ukakhala wosalala kwambiri umatsikira m'mapapo, ndipo kumeneko subwerako. Zimenezi anatiphunzitsa ndi iwo omwe, patebulo, chakudya chili m'kamwa.

Koma a Sefa ndi munthu wa jasi loyera. Mbale yapansi penipeni, yolandira ufa wodutsa masefa onse, inkafuka poitsegula n'kuwadetsera jasilo. Ndiye nzeru zawo zija zinawauza kuti aziyamba aupeta ufawo pawindo asanauyeze.

"Ndimachotsako fumbi," ankatero monyadira. "Fumbi si mankhwala."

Mwamva? Munthu anamulemba ntchito kuti apeze fumbi, iye n'kumalitaya pawindo. Zoyeza zawo zinkatuluka zokoma zokhazokha, mabwana mano ali pamtunda, mpaka anasiya kugawa mamasiki m'chipinda cholongedzera. M'chipinda chimenecho ndi mmene ankagwira ntchito achemwali, kuthira ufa m'matumba tsiku lonse.

Chifuwa chitawayamba anafunsa mwaulemu, monga mwa khalidwe lawo. "Bambo a ana, kodi ufa uja ulibe vuto?"

"Mayi, inu mumadziwapo chiyani? Masefa sanama."

Ine sindisunga mawu m'kamwa. Ndinati, "Alamu, akazi anu akulephera kukwera masitepe, inu simukuona?"

"Kunenepa kumeneko, alamu," anayankha uku akupukuta nsapato. Kunenepa kwake kuti, munthu mphete ikuchita kuvuka pachala?

Kuchipatala tinapita tonse atatu. Dokotala anakweza chithunzi cha m'chifuwa powala, mapapo onse ali mbuu ngati thebulo lophikirapo buledi. Atafunsa achemwali kumene amagwira ntchito, a Sefa analumphira, poti iwo funso la mnzawo siliwadutsa.

"Ufa wathu ndi wokhakhala, adokotala. Ndimayeza ndine."

"Nanga uwu wachokera kuti?"

Alamu anga anawerama n'kuyamba kupukuta nsapato.

Masiku ano sapetanso. Mbale yapansi ija imadzaza, mamasiki anabwerera, ndipo iwo amavala awiri. Achemwali ali pabedi, paipi ya mpweya ili m'mphuno, ndipo dokotala anatiuza mosabisa kuti mapapo otere sachapika. Ndimadana nawo alamu anga, sindibisa.

Dzulo ndikuwasambitsa achemwali, anandigwira dzanja. Ndinawerama kuti ndimve, poti mawu awo amatuluka limodzilimodzi.

"Jasi lija... akuwachapira ndani?"

Ndinangotuluka panja, kuopa kutukwana pamaso pa wodwala.