Rozina Sankatentha Thupi

Tsiku limenelo ndinkasenda chinangwa cha makaka pabwalo, kwathu ku Mozambiki. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mng'ono wanga Rozina anali chigonere pamphasa, akung'ung'udza monga mwa masiku onse. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma sankayenda, sankayankhula, ndipo khosi lake silinkalimba.

Mfuti zinayamba kulira chakumsika. Bambo anali komweko, kosinthitsa nandolo ndi mchere.

Tinathawira m'munda wa mapira, mabanja anayi, n'kugona chafufumimba. Aliyense anali zii, ngakhale khanda limene amayi anabereka. Rozina yekha ndiye sanaleke. Akachita mantha ankang'ung'udza mokweza, ndipo tsikulo anachita mantha kwambiri.

Amalume ndiwo anali mwini mbumba, ndipo mawu awo sankabwezedwa. Ananong'oneza amayi kuti mwanayu atiphetsa tonse. Anamunyamula okha n'kukamugoneka m'kamsasa kolonderamo mbalame. Anamusiyira makaka awiri ndi chikho cha madzi. Mwana woti sankatha kugwira chikho! Mpaka lero ndikakumbukira chikho chimenecho ndimapsa mtima.

Amayi anali ndi khanda kumsana, mtolo pamutu.

Titafika pakhwawa ndinanama kuti ndikupatuka kuthengo. Ndinathamanga kubwerera. Ndinamupeza atagubuduza chikho, nyerere zikumuyenda m'miyendo. Ndinamubereka ndi nsalu yanga.

Nditawapeza anzathu, amalume sanandimenye.

"Wasankha wekha," anatero. "Uziyenda kumbuyo, patali poti tisakumveni."

Masiku awiri ndinayenda choncho, ndikutsata mapazi awo pafumbi. Akapuma, amayi ankasiya makaka pamwala m'mbali mwa njira. Ndinkayamba ndatafuna, kenaka n'kumudyetsa Rozina ndi chala. Mapazi ake ankandimenya kuseri kwa mawondo. Dovu lake linanyowetsa phewa langa, nsalu n'kumakhula pomwepo, mpaka khungu linasupuka.

Tinafika ku Nazombe tsiku lachitatu masana, kwa achibale a amayi amene makolo awo anasamukira kuno kalekale. Kunalibe mfuti. Nkhuku zinkangopalasa pabwalo.

M'mawa mwake tinapita naye kuchipatala. Tinaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala anamugwira pamphumi, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa. Anati sakutentha thupi, alibe bala, mwanayu sakudwala. Mankhwala anandipaka ine, paphewa paja.

Mawu omwewo ndawamva moyo wanga wonse. Ndapita naye kumsana, pawilibala, pakabaza. Akatsokomola amamupatsa mankhwala a chifuwa. Ndikafunsa za miyendo amati ndi mmene anabadwira, mayi, wotsatira alowe. Kumudzi ena ankati bambo anamukhwimira kuti alemere. Alemere chiyani, munthu wosowa ndi mchere womwe? Ena ankaletsa amayi apakati kumuyang'ana. Panalibe ndi mmodzi yemwe wondiuza kuti vutoli limadziwika, ndipo pali anthu amene anaphunzira kuthandiza ana otere.

Chaka chatha analengeza kutchalitchi kuti ku Migowi kukubwera wa mafizo, wodziwa kuwongola ndi kulimbitsa ziwalo, ndiye tipite ndi ana olumala. Rozina ali ndi imvi tsopano, koma ndinapita naye.

Wa mafizoyo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Pamabenchi panadzaza amayi achitsikana, aliyense ndi mwana wolobodoka khosi pamiyendo. Anawaonetsa mokhazikira mwana m'beseni, n'kumuchirikiza ndi nsanza m'mbalimu kuti azolowere kukhala. Anawaonetsa momudyetsera kuti asatsamwe. Ndinangoti kukamwa yasa. Beseni tinali nalo. Nsanza ndiye osanena.

Atafika pa ife anagwada n'kuyesa kuwongola bondo la Rozina. Silinalole. Anandifotokozera mwaulemu kuti si ufiti, ndi ubongo umene unavulala pobadwa. Kenaka anapukusa mutu.

"Amayi, mukanabwera nawo akadali aang'ono, mwina bwenzi pano akukhala okha tsonga. Munachedweranji?"

"Ndinabwera naye, mwanangu," ndinatero. "Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kumsana, kuchokera ku Mozambiki."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Sindinamukwiyire iye, anali asanabadwe. Koma mkwiyo ndinali nawo, ndipo ndinabwerera nawo kunyumba chifukwa panalibe munthu woti ndimutulire.

Bambo sitinawaonenso. Amayi ndi amalume tinawaika kuno ku Nazombe. Rozina alipo. M'mawa uliwonse ndimamunyamula kuti akawothere dzuwa pakhonde, koma msana wanga wayamba kukana.