Gudumu la a NyaHarawa

Kumapiri a ku Phoka khofi amapsa nyengo ya chisanu. M'mawa nkhungu imagona m'zigwa, alimi n'kumatsika ndi madengu ofiira kupita ku makina osendera khofi a kopaletivi yawo. Makinawo amamwa madzi oyera, n'kulavula madzi oterera, odzaza makoko, onunkha ngati mowa wosasa. Madzi amenewo sayenera kufika kumtsinje kumene anthu amatunga. Amene ankawalondolera kumaenje anali a Mabel NyaHarawa.

Anayamba ntchitoyi zipani zitangochuluka, amuna awo atamwalira. Chida chawo chinali thabwa. Dzenje lina likadzaza, ankatseka ngalande yake ndi thabwalo kuti madzi apitirire ku dzenje lina. Ana awo onse anaphunzira ndi ntchito imeneyi. Kutchalitchi amayi anzawo ankati ngakhale Lamulungu a NyaHarawa amamveka kafungo ka khofi, iwo n'kumayankha kuti ndiwo mafuta awo odzola.

Alimi atachuluka, madzi oipa anachulukanso, ngalande zikusefukira. Kopaletivi inagwirizana zoika paipi yaikulu, yoti mwana angakwawemo, ndi valavu yachitsulo yotsegulira ndi kutsekera madzi m'malo mwa thabwa.

Pamsonkhano, a Hezron, wapampando amenenso anali mlamu wa a NyaHarawa, anakonza kukhosi.

"Alamu, chikubwerachi si thabwa ayi. Chikufuna mnyamata wamapewa. Inu mwakula, kapumeni."

"Akunena zokula ndinu, amene mumatsamira mtengo pomanga nsapato?"

Anthu anaseka, koma a NyaHarawa anabisa manja m'chitenje. Zala zawo zinali zitayambadi kuuma kukazizira. Msonkhano unagamula kuti akadzatha kutsegula ndi kutseka chitsulocho okha, ntchito idzakhalabe yawo.

Woyang'anira ntchito yoika paipi anali a Donald, bambo wa ku Ntcheu amene ankagwira za madzi ku Rumphi boma. Iwo anati, "Posankha valavu timaona madzi odzadutsamo, timaonanso munthu wodzaitsegula. Madziwo ndawaona. Amayiwa tipite nawo ku Mzuzu."

Anapita mu Epulo pamodzi ndi a Hezron, mvula yomaliza ikuwaza. Kuseri kwa sitolo ya zitsulo mavalavu anali atagona pansi ngati ng'ombe zokhuta. Yoyamba inali ndi chogwirira chachitali. A NyaHarawa anachikoka, chinakana. Anachilendewera mpaka mapazi anasiya pansi.

"Tabwera kudzasewera katungwe kodi, alamu?" anatero a Hezron.

A Donald anasuzumira m'kati. "Isiyeni, mayi. Iyi ngakhale itatseguka, chitseko chake chimatsala chitaima pakati pa njira. Makoko angakodwe pamenepo."

Kumapeto kwa bwalo kunali ina, yaikulu kuposa zonse, yokhala ndi gudumu pamwamba ngati chiwongolero cha lole. A Donald anafotokoza kuti chitseko chake chimakwera chonse m'mwamba, njira n'kutsala mbee. Imafuna kuzunguza kambirimbiri, koma siifuna mphamvu zambiri. A NyaHarawa anagwira gudumu ndi manja awiri. Linayenda. Chitseko chinakwera pang'onopang'ono, kuwala kukulowa pansi pake monga kumachitira kunja kukamacha. Chitafika pamwamba, anagwada, n'kutulutsira mutu mbali ina ya chibowocho.

"Monire, alamu!"

Ngakhale wogulitsa anagwira nthiti. Koma a Donald anawachenjeza kuti pano valavu ili youma. Madzi akadzaitsamira idzalemera.

Anagula imeneyo, koma pobwerera lole imene inainyamula inalephera chitunda chomaliza chifukwa cha matope. Amuna anamangirira valavu pamitengo ya bulugamu n'kuinyamula pamapewa, amayi akululutira pambuyo ngati akuperekeza mkwatibwi. A Hezron anali kutsogolo, akupumira m'mwamba.

"Mwakula, alamu, kapumeni," anatero a NyaHarawa powadutsa.

Juni anafika ndi mphepo yake. Udzu unayera ndi mame ozizira, khofi n'kufiira m'minda yonse. Tsiku loyamba kusenda, mudzi wonse unaima m'mbali mwa maenje. Makina analira. Madzi anadzaza paipi n'kutsamira chitseko, paipi ikung'ung'udza. A Donald anakweza dzanja kuti nthawi yotsegula yakwana.

A NyaHarawa anagwira gudumu. Chitsulo chinali chozizira ngati mwala wamumtsinje, ndipo sichinasunthe. Anayesanso. Zala zinakana kupinda. A Hezron, nkhope itagwa, anasendera pafupi atatambasula dzanja.

"Musakhudze," anatero a NyaHarawa.

Anauzira mpweya m'manja, n'kuwapisa m'khwapa kanthawi, maso ali kuphiri kumene dzuwa linali litangotuluka. Kenaka anaponda molimba, nagwira gudumu, natsamira ndi thupi lonse monga ankachitira pozula thabwa m'matope. Gudumu linalira kamodzi, n'kuyamba kuyenda. Madzi anatulukira kudzenje ndi mkokomo, makoko akuvina pamwamba. Anatseka, natsegulanso, anthu aone bwino.

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. A Hezron anavula chipewa. "Yewo chomene, alamu. Ine ndinangofuna kukuyesani."

"Bodza limenelo mukalape Lamulungu."

Kuyambira chaka chimenecho, khofi akamapsa a NyaHarawa amapezeka pagudumu lawo. Nyengo ya dzinja, makina akakhala chete, amalipaka girisi n'kulifunditsa thumba kuti lisachite dzimbiri. Mtsinje kumunsi ukuyendabe woyera.

Thabwa lakale lija anapita nalo kwawo, analitsuka, n'kuliikira miyendo. Lili pakhonde. A Hezron akabwera kudzacheza, atatopa ndi chitunda, ndi pamene amawakhazika.