Kamfuti ka pa geti ya sukulu

Mliri usanabwere, Mayi Kamfuti anali wokolopa makalasi basi, munthu woti ngakhale tiana ta sitandade wani tinkaponda pomwe wakolopa osapepesa. Sukulu itatsekedwa anakhala pakhomo miyezi yambirimbiri, kuyang'anizana ndi mwamuna wake wa mphumu, amene ntchito yake yaikulu inali kupuma. Ndiye potsegulira, ahedi atamupatsa kachida koyezera kutentha kwa thupi, kooneka ngati mfuti, n'kumuimika pa geti, mayiyu anayamba kuyenda ngati wakwatiwa ndi dokotala. Dzina la Kamfuti linabadwira pomwepo.

Ntchito yake inali yosavuta. Kuloza mwana pachipumi, kachida kakalira, wotenthayo abwerere kwawo. Lachisanu lililonse a zaumoyo ankaimba foni kufunsa kuti obwezedwa ndi angati, kuti aone ngati matenda akukwera, poti nyengo yozizira inali itayandikira.

Sabata yoyamba anabweza ana mosayang'ana nkhope, mpaka ahedi anamuitanira mu ofesi.

"Mayi, mukudziwa kuti nambala ikakwera atitsekeranso?"

"Kakulira ndi kachidaka, bwana, si ine."

"Kachidako kalibe banja. Inu muli nalo."

Munthu wamkulu sauzidwa kawiri. Anakumbukira miyezi ija mphika unkagona chozondoka, n'kutuluka mu ofesimo.

Amayi a ana nawonso sanali opusa. Mwana akadzuka thupi lili moto, mayi apita bwanji kuntchito? Pakona pa mpanda panali mpopi. Ankanyowetsa kansalu, kumuphimba nako mwana pachipumi, mphepo ya m'mawa n'kumalizitsa, kenako kumukankhira ku geti. Mayi Kamfuti ankawaona madzi akutsetserekera m'khutu, kamwana kakunjenjemera, maso ali psuu.

"Wasamba bwino lero," ankatero. "Lowa."

Nambala inatsika mpaka kutheratu. M'makalasi, momwe mawindo anali otseka chifukwa cha kuzizira, chifuwa chinkayimba ngati kwaya. Koma Lachisanu ahedi ankayankha foni ndi mawu a uchi: palibe. A zaumoyo anayamikira, ati sukulu zina zitengerepo phunziro. Mayi wathuyu ankakazinena zimenezi kunyumba monyada, mpaka bodza lakelo anayamba kulikhulupirira yekha.

M'mawa wina mtsikana wake womaliza, wa pasukulu pomwepo, anadzuka akutentha.

"Amake mwana," anatero mwamuna wake, akupumira m'mwamba, "si inu mumati kusukulu kwanuko kulibe?"

"Ndi chimfine ichi, bambo ake. Ine ndimayeza tsiku lililonse, mundiphunzitse ndinu?"

Mwana wa woyeza akabwezedwa anthu anena chiyani? Anamudutsitsa yekha pa mpopi paja. Madzulo mtsikanayo anagona pamiyendo pa bambo ake, iwo akumusisita msana, m'chipinda chimodzi chomwecho chopanda windo lotseguka.

Mwana anachira, ana amatero. Bambo ndiye ananyamulidwa kupita kuchipatala milomo itada.

Patapita masiku, namwino anaimba foni masana: bwerani msanga, akukuitanani. Mayi Kamfuti anathamanga, mutu ukumuwawa, mafupa akuphwanya. Pa geti ya chipatala anapeza mlonda ali ndi kamfuti, kofanana ndendende ndi kake. Kanalira.

"Mwatentha, mayi. Pitani kutenti uko akakuyezeni."

"Achimwene, ndathamanga chabe. Mwamuna wanga ali m'katimo."

"Kutenti, mayi."

Anatembenuka ngati womvera, koma maso anali kusaka mpopi. Anaupeza kuseri kwa mpanda. Anavula mpango, kuunyowetsa, kuukanikiza pachipumi mpaka mano anagwedezeka, n'kubwerera pamzere atawerama ngati munthu wina.

Mlonda sanakweze n'komwe kamfuti.

"Madzi akudontha m'khutu, mayi. Kuno si kusukulu."

Uthenga unamupeza ali pabenchi ya kutenti, akudikira kuti amulowetse kathonje m'mphuno.

Maliro anali Lachisanu. Ahedi anatumiza aphunzitsi awiri kukapepesa, iwo anatsala kuti ayankhe foni. Palibe, anatero. Ndipo tinene zoona, kumbali ya malemuyo sananame: sanali mwana wa sukulu.

Atachira, Mayi Kamfuti anabwerera pa geti, poti mwana ayenera kudya. Akadali pomwepo, mpango wakuda kumutu, jekete ya malemu paphewa. Amaloza, amati lowa. Koma mawu aja oti wasamba bwino anawasiya, ndipo madzi a mpopi wa pakona samwa, ngakhale ludzu litamugwira chotani.