Bafa la Mayi a Tawina

A Efulemu anabadwira ku Nathenje, koma moyo wawo anauthera ku Mitundu, kumene anapita chikamwini atakwatira a Felesiya. Anali mlimi wa fodya, munthu wa mawu ochepa ndi mutu wouma. Nazale yawo inkadziwika dera lonse: mabedi osalala, osapendekera kulikonse, moti ukathira madzi ankakhazikika pomwepo. Luso limeneli ndi lomwe linadzawapweteka.

Chaka chatha a Felesiya anadwala sitiroko ali kudimba. Anatuluka m'chipatala mbali ya kumanzere itafa. Pofuna kusamba, amayi awiri ankachita kuwanyamula kudutsa pabwalo mpaka kubafa la udzu, anthu akuona, ena akupukusa mitu. Mayi woti ankasenza yekha thumba la chimanga! Manyaziwo ankawawawa kuposa matenda.

"Bambo a Tawina," anatero tsiku lina, lilime likulemera, "bola ndizingokhala osasamba."

M'mawa mwake a Efulemu anagulitsa mbuzi, nakagula matailosi, simenti ndi paipi. Anaganiza zosandutsa kachipinda kosungiramo fodya kukhala bafa la m'nyumba, la shawa, madzi azichokera mumgolo pamwamba. Chibadwire anali asanaikepo tailosi ngakhale imodzi. Noah, mmisiri wa pamsika, anadzipereka kuti adzawaonetse kaikidwe kake, koma iwo anati, "Zikomo achimwene, manjawa si a mwana." Kumeneko kunali kudzikuza basi, palibenso dzina lina.

Anagwira masabata atatu chogwada. Simenti inawadya zala, matailosi ena anasweka podula, mizere ya pakhoma inakhota. Koma pansi pokha, eee, anapasalaza ndi levulo, chida choyezera kupendekera, ngati bedi la nazale. Atamaliza anathira ndowa ya madzi kuti ayese. Madziwo anangoti phee, osayang'ana n'komwe kumene kunali bowo lotulukira madzi.

Apa mpamene anakaitana Noah uja. Mmisiriyo anaponda m'madzimo, nayang'ana uku ndi uku.

"Madala, bafa si nazale. Pansi pamafunika kutsetsereka pang'ono kulowera kubowoko. Chonchi amayi adzaterereka. Phwanyani."

Safunsa anadya phula. A Efulemu anatenga nyundo naphwanya ntchito yawo yonse. A Felesiya, ali gone pamphasa kuchipinda, ankamva kugogodako, ndipo dzuwa likamalowa ankafunsa, "Latha?"

"Latsala pang'ono, mayi a Tawina."

Pang'onopo panatha masabata ena awiri, amayi aja akuwanyamulabe kudutsa pabwalo. Matailosi ofanana ndi oyamba aja anasowa, anangoika a mitundu iwiri. Lachinayi ntchito inatha. Noah anati adikire masiku atatu kuti simenti iume, ndipo ulendo uno a Efulemu anamvera. Anauza akazi awo kuti Lamulungu asamba m'nyumba, chitseko chotseka.

Loweruka m'mawa sitiroko inabweranso. A Felesiya anatsirizika galimoto yopita nawo kuchipatala isanafike.

Amayi osambitsa maliro atafunsa poti agwirire ntchito yawo, a Efulemu anangoloza chitseko cha bafa latsopano lija. Kenaka anachoka pagulu la amuna, nakakhala okha kuseri kwa nyumba, pamene paipi imatulukira. Anakhala pamenepo manja ali m'masaya, akuyang'ana madzi a sopo akutuluka bwinobwino, osadodoma, mpaka kukalowa m'dzenje.