Foni Yosalira

Anandilanda Folomu 4. Ndalama ya mayeso imene amayi anasonkha pogulitsa nthochi, malume anga anaitenga n'kukawonjezera pogula njinga yamoto ya kabaza. Anzanga a ku Katoto akulemba mayeso, ine ndinali m'basi ya ku Joni, kenako ina ya ku Kepi.

Ntchito anandipezera mnzanga wa ku Nkhata Bay: kusamalira maluwa kwa gogo wina wachizungu wokhala yekha. Kumene ndinkakhala tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, aliyense maso pa foni yake, osayankhulana. Gogoyo ankakonda mafilimu a Chisipanishi, koma chinenerocho sankachimva, ndipo maso ake anali atasiya kuona timawu tachingerezi tolembedwa m'munsi. Atadziwa kuti ndimawerenga mofulumira, masana alionse ankandichotsa ku maluwa n'kundikhazika pampando.

Filimu yoyamba inandikwiyitsa. Ine ndinakulira m'mavidiyo a ku Chiputula, momwe munthu amamenyedwa musanakhale n'komwe pansi. Umu munthu ankangoyenda mumsewu wafumbi, n'kumayendabe.

"Madamu, palibe chikuchitika," ndinatero.

"Werenga zolembedwa. Pamene sanalembe, tseka pakamwa."

Ndinatseka chifukwa cha malipiro. Patapita miyezi ndinkatseka mwakufuna kwanga. Ndinayamba kuona manja a anthu, makoma osenduka, mmene munthu amamezera malovu asananame. Anthu ake anali osauka ngati ife, ndipo palibe amene ankabwera kudzawapulumutsa.

Kenako ana ake anakamusiya gogoyo kunyumba yosungirako okalamba. Gogoyo anandisiyira fulashi yodzaza mafilimu, ntchito n'kuthera pomwepo. Kumudzi mauthenga sanathe: malata akudontha, fizi ya mlongo wako Tiwonge. Ukaimba ulibe kanthu unena chiyani? Ndinasintha nambala. Miyezi isanu ndi itatu sindinaimbe, mpaka ndinabwerera ndi chikwama chimodzi.

Ku Mzuzu mapazi ankandiyabwa. M'mawa ndili ku Ching'ambo, masana ndili kudepoti kufunsa mtengo wa basi. A Nyirenda, mwini vidiyo ina ku Chiputula, ankafuna womasulira wa pa maiki. "Ndikuyesa tsiku limodzi," anatero. "Anthu akaseka, ntchito ndi yako." Ikanakanika imeneyi ndikanabwerera ku Joni. Ndinawaumiriza kuti tiike filimu yanga, pofuna kuwaonetsa anthu a kwathu kuti ine ndaona zinthu.

Inali ya mayi wina wokhala yekha m'nyumba ya m'mphepete mwa njanji. M'mawa uliwonse ankanyamula foni ya pakhoma, kumvetsera, n'kuibwezera osanena kanthu. Ndinali nditaionera kanayi, ndipo ndinkati ndi filimu ya umphawi.

Mphindi khumi zisanathe phokoso linayamba.

"Iwe DJ, wagona?"

"Ndewu iyamba liti, bwana wa ku Kepi?"

"Yewo chomene, taona khoma! Tibwezereni ndalama zathu!"

A Nyirenda anandinong'oneza kuti, "Yankhula chilichonse, iwe. Nena kuti ndi mfiti."

Ndinanena. Ndinati mayiyo anadya mwamuna wake, ndipo pa foniyo amalandira malangizo ochokera kumanda. Ndinamuyikira mawu pamene sanalembe. Anthu anagwa nako kuseka, wina mpaka kumenya benchi. Ntchito inali yanga. Mumtima ndinkawatukwana onse kuti ndi mbuli.

Pakhomo panali pataima mayi wogulitsa zitumbuwa, NyaGondwe, beseni lili m'chiuno. Amuna awo anapita ku Joni ine ndili ku pulayimale, sanabwerenso. Anadikira kuti kuseka kuchepe.

"Mwana wanga, bodza ukulitha chomene," anatero. "Ufiti uli pati apa? Akumvetsera ngati foniyo ikugwira ntchito. Kuli bwino ikhale foni imene yafa."

Anatembenuka n'kupitiriza kugulitsa. Ndinayang'ana pa sikirini, mayi uja akunyamulanso foni. Kanayi konse ndinali ndisanaone zimenezi. Ndinaika maiki pansi. A Nyirenda anandigwedeza phewa kawiri, kachitatu anazimitsa filimuyo n'kuika ya karate.

"Kazipita. Chizungu chakupengetsa."

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Amayi anali asanabwere kumsika. Tiwonge ankachapa yunifolomu yake panja, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali ngati mlendo.

"Nthawi imene sindinkaimba ija, amama ankati chiyani?"

"Palibe," anatero osadzutsa mutu. "Sankakutchulani n'komwe, achimwene."

"Basi?"

"Basi. Kungoti foni yawo inkavuta."

"Inkavuta bwanji?"

Anafinya siketi, n'kuikung'untha. "Ati siyinkalira. Anapita nayo kwa wokonza mafoni wa pamsika katatu. Ulendo wachitatu wokonzayo anakana kulandira ndalama. Anati, amama, foni iyi ilibe vuto."