Timizere ta pamsana pa Tadala

Usiku watha ndinalota zoti mpaka pano mutu sukugwira, ndiye ndati ndikuuzeni anzanga. Kwa amene simukudziwa, mwana wanga Tadala, wazaka zisanu ndi chimodzi, ali ndi chotupa muubongo, chamtundu wosapezekapezeka, ndipo chinafalikira mpaka kumsana. Adokotala anamulemba timizere pamutu ndi pamsana tosonyeza pomwe makina owotcha chotupa aziloza. Anatiuza kuti tisafufute, ngakhale pomusambitsa.

Ndiye kutuloko ndinali pamzere wakuchigayo nditabereka Tadala, koma aliyense pamzerepo ananyamula buku lakuchipatala m'malo mwa chimanga. Kenako kunatulukira apongozi anga atasenza beseni lamadzi, sopo ali m'manja. Anati, "Amake Tadala, bwerani naye ndimusambitse tizipita kumudzi. Mwanayu wazunzika mokwanira." Mawu amenewa si akutulo okha ayi. Anandiuzadi kuno kuchipatala Lamulungu lapitali, ine n'kusowa choyankha.

Ndiye kutuloko ndinaliyatsa liwiro, koma miyendo inkalemera ngati ndikuponda m'matope a kudambo. Kenako ndinangopezeka ndili m'basi yopanda denga, mvula ikukhuthuka. Timizere tija tinayamba kusungunuka, inki ikuyenderera pachitenje changa. Ndinachita mantha, sindikubisa. Ndinavula duku n'kumufunditsa, koma sizinathandize.

Tadala, yemwe watha miyezi iwiri osayenda, anatsika kumsana kwanga n'kuima yekha. Anandipatsa bolopeni n'kunena kuti, "Amayi, lembaninso. Mukudziwa pomwe timizere tinali." Ndipo ndinkadziwadi! Kamzere kalikonse ndinakaloweza, ine yemwe ndimaiwala ngakhale nambala ya foni yanga. Ndinalemba, mvula n'kufufuta, ine n'kulembanso, mvula n'kufufutanso, ine osaleka.

Kenako mvula inasiya kutinyowetsa. Beseni lija linali pamwamba pathu, wina atalizondotsa ngati ambulera. Ndikuti nditukule maso ndione amene waligwira, basi ndinadzidzimuka, kunja kutacha, anesi akundigwedeza kuti nthawi yopita kumakina yakwana.

Ndisanawapatse n'komwe moni, ndinakweza malaya a Tadala. Timizere tonse tilipo.

Ndiye inu odziwa kumasulira maloto, tandiuzani, anagwira beseni lija ndani? Mtima wanga ukuti ndi apongozi, koma nkhope sindinaione. Amene muti malotowa akutanthauza kuti tizipita kumudzi, kumasulira kwanuko musunge. Apongozi akubweranso Loweruka, ndipo ulendo uno yankho ndili nalo: ngati akufuna kugwira beseni, aligwire chozondotsa.