Chitoliro Kutsogolo kwa Malipenga

Mayi Hazel Pettifer sankatha kudikira chilichonse. Anthu a mumsewu wawo ku Ealing ankawadziwa bwino: mayi wachikulire wamtali, wa jasi lobiriwira, amene ankafika podikirira basi, n'kusuzumira kumene ichokere, n'kuyamba wapansi. Basiyo inkawapitirira asanafike patali, iwo n'kuitukwana ngati yalakwa ndi iyo.

Ntchito ndi imene inawaumba choncho. Moyo wawo wonse anali woimba chitoliro m'magulu ojambula nyimbo za mafilimu mu London. Ukalowa mu situdiyo m'mawa, unkapeza nyimbo imene sunaionepo ikukudikira pamalo pako. Muyeserera kamodzi, getsi lofiira liyaka, mujambula. Pofika masana uli kale kutsidya kwa mzinda, ukuimbira filimu ya anthu othamangitsana pamahatchi. Dzina la filimu sunkafunsa, ndipo dzina lako silinkalembedwa paliponse.

Mpando wawo unali kutsogolo kwenikweni kwa malipenga. Kumbuyo kwawo kunkakhala a Clive Harbottle, mwamuna wa ku Yorkshire wa chifuwa ngati mgolo, amene sankadziwa kuti lipenga likhoza kulira motsitsa.

"Iwe Clive, chilipenga chakocho loza kudenga. Ukundiboola mutu."

"Ndimakudzutsa, Hazel. Kachitoliro kakoko kamakugonetsa tulo mwiniwake iwe."

Umo ndi mmene ankapatsirana moni, chaka ndi chaka.

Oimba amenewa anali ndi mwambo wawo. Woimba weniweni sapita m'kachipinda kagalasi kukamvetsera zimene wajambula. Kumeneko n'kwa woimbitsa ndi akuluakulu a filimu. Wa m'gulu akalowako, anzake ankati wayamba kudzimva. Getsi likazima, munthu waulemu wake ankaika chida pansi n'kuthamangira tiyi.

Chaka china cha m'ma 1970, kunabwera mkulu wina wa ku Hungary, wopeka nyimbo, wofatsa ngati wodwala. Filimu yake inali ya mayi wosaka mwana wake nkhondo itatha. Pakati pa nyimbo imodzi panali malo amene gulu lonse linkaleka, n'kutsala chitoliro chokha, chikukwera m'mwamba popanda wochiperekeza. Mayi Pettifer anaimba kamodzi kokha. Atamaliza, mu situdiyo munali zii, ngakhale wotsokomola panalibe. Mkulu uja anatuluka m'kachipinda kagalasi, nawagwira pamkono.

"Mayi, bwerani mudzamve zimene mwachita."

Mtima unkafuna, unkafunitsitsa. Koma m'gulu lonselo akazi anali owerengeka, ndipo maso onse anali pa iwo. Kumbuyo kunamveka mawu odziwika aja: "Pitani, mfumukazi. Ife anthu wamba tikusungirani tiyi."

Gulu linafa nacho chiseko. Mayi Pettifer anachotsa mkono wawo mwaulemu. "Zikomo bambo. Ndikamvera ku kanema ngati wina aliyense."

Ku kanemako sanakamve. Akuluakulu a filimu anati nyimbozo n'zachisoni kwambiri, anthu sabwera. Anazitaya zonse, naitana anyamata a magitala. Mkulu wa ku Hungary uja anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo kumene kunapita matepi palibe ankadziwa.

Mayi Pettifer anaimba nyimbo zosawerengeka pambuyo pake, ndipo zonse ankaziiwala asanafike pasiteshoni ya sitima. Anakwatiwa, banja linatha, anasamuka nyumba kangapo chifukwa iliyonse inkawatopetsa. Koma kanyimbo kaja kanawakakamira. Chinkawasowetsa mtendere n'chakuti sankadziwa ngati anaimbadi bwino monga mtima unkawauzira, kapena zaka zinkangothira mchere pankhani wamba.

Kenako makutu anayamba kufa. Zinayamba kusowa ndi mbalame za m'munda wa kuseri kwa nyumba. Kenako ketulo inaleka kuimba mluzu, inkangotulutsa nthunzi mpaka madzi kuuma. Dokotala anati mawu ang'onoang'ono okwera ndi amene amayamba kuthawa, ndipo akathawa sabwerera. Anawapatsa tizipangizo tovala m'makutu. Pocheza ndi anthu tinkathandizako, koma nyimbo tinkaisandutsa phokoso la masipuni m'chitini. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, ankapita papiyano n'kumagogoda chakumanja kwenikweni, kumene kuli mawu okwera, kuti aone pamene makutu afika. Malirewo ankasendera kumanzere, pang'onopang'ono koma mosabwerera. Chowawa kwambiri, a Harbottle ankamva bwinobwino. Mwini lipenga phokoso lake limapita kutsogolo, kwa anzake.

Ndi nthawi imeneyo pamene Owen Maddock anaimba foni. Anali munthu wa ndevu zaimvi, wa kakampani kofukula nyimbo zakale za mafilimu n'kuzitulutsa pachimbale. Matepi aja anali atapezeka m'chipinda cha pansi pa nyumba ina imene ankafuna kuigwetsa. Mayi Pettifer anavala jasi foni ili kukhutu.

"Ndikubwera pompano."

"Ayi mayi, dikirani. Matepiwa anyowa, akumata. Tiyenera kuwaika kaye mu uvuni, pamoto wochepa, aume. Komanso eni filimu sanavomere."

Dikirani! Mawu amenewo kwa munthu wosatha kudikira basi. Dzinja lonse linatha eni filimu akukankhirana nkhaniyo. Mayi Pettifer ankayenda mtunda wautali opanda kumene akupita, n'kubwerera, n'kugwira foni.

"Owen, keke yako ija yapsa?"

"Mayi, tepi safulumira nayo. Ndikaiika pamakina ikadali yomata, nyimbo yonse ikanganukira pachitsulo, ndiye kwatha. Sipadzakhalanso ina."

"Iweyo nthawi uli nayo, mwana wanga. Makutu angawa ayamba kale kulongedza katundu."

Owen sankakwiya, ndipo zimenezo zinkawapsetsa mtima kwambiri. Tsiku lina Mayi Pettifer anakwera sitima mpaka ku situdiyo yake osaitanidwa, naima pawindo n'kumayang'ana kauvuniko ngati mayi woyang'ana mwana m'chipatala. Owen anawapatsa tiyi ndi bisiketi, nawaperekeza kusiteshoni.

Uthenga woti matepi akonzeka unabwera mitengo itayamba kuphuka. Mayi Pettifer anafika ku situdiyo ya Owen dzuwa lili pamutu, nthawi isanakwane, koma anapeza a Harbottle ali kale pampando, ndodo ili pakati pa miyendo. M'gulu lonse lija otsala ndi moyo anali awiriwa.

"Wakalamba, Hazel."

"Wati chiyani?"

"Ndati wakalamba!"

"Iweyo unabadwa wokalamba. Sendera uko, usandikhalirenso kumbuyo."

Anavula tizipangizo tija, natiika m'thumba la jasi. Owen anadina batani. Ng'oma zinayamba, ndipo anazimva mpaka m'chifuwa. Zeze zazikulu za mawu a pansi zinalowa, anazimvanso. Malipenga atalira anadzidzimuka, naloza a Harbottle ndi chala: "Ndi uyu, wabwera kudzandimaliza." Zaka zonsezo, nyimboyo ankaidziwabe poyambira mpaka pothera.

Gulu linayamba kuleka, chida ndi chida. Zala zawo zinanyamuka zokha pamwendo. Anamva chitoliro chikulowa, mawu oyamba a pansi, ofewa, awoawo. Kenako nyimbo inayamba kukwera, ndipo inasowa ngati wina watseka chitseko. Tepi inkazungulira, timivi ta pamakina tinkagwedezeka, koma kwa iwo kunali zii.

"Kweza, Owen."

Anakweza. Anabwezera, nakwezanso mpaka iye mwini anatsinzina. Mayi Pettifer anatulutsa tizipangizo tija, nativala. Chimene chinabwera chinali kulira kwa chitsulo, kopanda mutu. Anativulanso. Chinawawa kwambiri, kuposa kutha kwa banja, kuposa tsiku limene zala zinauma n'kusiya kuimba. Nyimbo inali itafika, koma iwo anali atachedwa.

Anatembenuka kuti atukwane munthu, aliyense amene ali pafupi. Anapeza a Harbottle ataweramitsa mutu, misozi ikutsikira m'makwinya mpaka pakolala.

"Nanga? Nena, Clive. Ine sindinamve kanthu. Usandinamize, iwe sunayambe wandikondweretsapo ndi pakamwa."

Milomo ya a Harbottle inagwedezeka.

"Wati chiyani?"

Inagwedezekanso, maso ali pansi.

"Kweza mawu, mdala iwe! Moyo wonse unkandiphulitsa mutu, lero mpweya wakuthera?"

A Harbottle anagwira ndodo ndi manja onse awiri, nadzaza chifuwa chija.

"Ndati chitoliro chotere sindinachimvepo, Hazel! Kwa wina aliyense! Tsiku lomwe lija ndinadziwa. Ndinayenera kukukankhira m'kachipindamo ndi manja angawa, m'malo motsegula chipakamwa changachi!"

Mawuwo anadzaza chipinda chonse. Owen anayang'ana kumbali, n'kumakonza zingwe zimene zinali bwinobwino.

Ulendo uno Mayi Pettifer sanabweze chipongwe monga mwa masiku onse.

"Ndamva," anatero. "Zimenezo ndamva."

Anapukuta m'maso ndi mkono wa jasi. Kenako anakoka mpando wawo, naufulatitsa kumakina, naukhazika moyang'anizana ndi a Harbottle, mawondo pafupi kugundana.

"Ibwezere, Owen. Yambira pamene ena onse akulekera. Iwe Clive, dzutsa mutu, usabise nkhope. Ndimvera pamenepo."